Oyilo ndi Madzi a Thirakitala Yaing'ono ya Dizilo

(Nyimbo yotsegulira, itsike pang'onopang'ono)

MUULUTSI: Ino ndi pulogalamu yathu ya zaulimi kuno ku Mwanza. Dzuwa layamba kuswa mtengo, minda ikudikira kugalauzidwa, ndipo makina amene anakhala chigonere chikololereni ayamba kulizidwa. Lero tikamba za zinthu ziwiri zimene timathira mu injini kupatula dizilo, ndizo oyilo ndi madzi oziziritsa. Ndili ndi bambo amene ntchito yawo ndi kumasula ndi kumanga injini za mathirakitala ndi zigayo. Takulandirani bambo.

MAKANIKO: Zikomo mayi. Moni abale anga nonse kumene muliko.

MUULUTSI: Bambo, kuno ambiri timalima ndi khasu. Mathirakitala ndi owerengeka. Wina afunsa kuti nkhaniyi ikumukhudza bwanji.

MAKANIKO: Kuchepa kwakeko ndiye kukundidetsa nkhawa. Thirakitala imodzi kuno imadikiridwa ndi mabanja ambiri. Imalima, imatuta chimanga ndi nandolo, nyengo ya manachesi imatulutsa katundu kumunda kufika naye kumsewu. Ikafa mu Novembala, mvula itagwa kale, olira si mwini wake yekha. Chitsulo chikathyoka, kawirikawiri mpaka munthu akwere basi kudzera pa Zalewa kukachisaka ku Blantyre, ulendo wa makilomita pafupifupi 100, ndipo mwina akamuuza kuti achiitanitse kunja. Omvera akukumbukanso mathirakitala 177 amene boma linagula ndi ngongole ya ku India, amene nkhani yake inafufuzidwa ndi ofesi ya Ombudsman pansi pa mayi Martha Chizuma mu 2016. Ambiri mwa iwo sanafike m'manja mwa alimi ang'onoang'ono amene anawagulira. Ndiye ochepa amene tili nawowa tiwasamale.

Komanso ndikamati injini ya dizilo sindikunena thirakitala ya mawilo anayi yokha, monga Massey Ferguson wa injini ya Perkins, kapena Mahindra ndi Sonalika za ku India. Kathirakitala ka mawilo awiri kamene munthu amakatsatira pambuyo kali ndi injini ya pisitoni imodzi yochokera ku China, ija yolembedwa S195, ZS1100 kapena ZS1115. Injini yomweyo ndi imene ikuyendetsa chigayo cha pamudzi panu, pampu yothirira kudimba ndi makina otonolera chimanga. Aliyense amene amapita kuchigayo nkhaniyi ndi yake.

MUULUTSI: Tiyambe ndi oyilo. Ambiri timati oyilo ndi oyilo basi, bola injini isaume.

MAKANIKO: Maganizo amenewo apha injini zambiri, mayi. Injini ya petulo imayatsa mafuta ndi moto wa pulagi. Ya dizilo ilibe pulagi wotero. Imapanikiza mpweya kuwirikiza ka 16 mpaka ka 20, mpweyawo nkutentha kupitirira madigiri 500, ndipo dizilo akapoperedwamo amayaka yekha. Kupanikiza kotereku kumalemetsa mapisitoni ndi mabering'i kwambiri. Kuyaka kwa dizilo kumasiyanso mwaye, ndipo wina umadutsa m'malingi nkugwera mu oyilo. Mu dizilo mulinso salufa, amene akapsa nkukumana ndi chinyontho amasanduka asidi wodya chitsulo. Choncho oyilo wa injini ya dizilo amamuikira mankhwala ochuluka: ena ogwira mwaye kuti usaundane, ena opha asidi. Wa petulo mankhwala amenewa ali nawo ochepa. Mukamuthira m'thirakitala lero ilira bwinobwino, mawanso ilira. Koma mkati matope akuda ayamba kuundana, malingi ayamba kukakamira, ndipo tsiku limene idzayambe kufuka utsi wabuluu mudzaiwala kuti gwero lake linali chigubu chija.

MUULUTSI: Nanga munthu wafika pasitolo, zigubu zili ndandanda, zonse zokongola. Aone chiyani?

MAKANIKO: Asaone chithunzi, asaone mtundu wa chigubu. Atembenuze chigubucho awerenge mizere iwiri. Woyamba uli ndi zilembo SAE ndi manambala, monga SAE 15W-40. Umenewu ukunena za kulimba kwa oyilo. Nambala ya 15 yokhala ndi W ikunena mmene oyilo amayendera injini ili yozizira, mmamawa poiliza. Ikakhala yaing'ono, oyilo amakwera msanga kufika kumutu kwa injini. Izi nzofunika chifukwa zitsulo zimadyana kwambiri pa kamphindi kaja injini yangolira kumene, oyilo asanafike paliponse. Nambala yachiwiri, 40, ikunena kulimba kwa oyilo atatentha. Amamuyeza pa madigiri 100. Pa nyengo yathu ino, 15W-40 amakwanira chaka chonse pa mathirakitala ambiri ang'onoang'ono, m'chiperoni cha mu Juni ndi Julayi ngakhalenso m'kutentha kwa mu Okutobala.

MUULUTSI: Eni zigayo ambiri ndimawamva akuti SAE 40, yopanda W.

MAKANIKO: Alipo, ndipo si woipa ngati buku la injiniyo likumulola. Injini zakale za Lister ndi zina za pisitoni imodzi zakhala zikuyenda naye. Vuto lake ndi lakuti kukazizira amalimba kwambiri. Amene amapukusa handulo mmawa wa mu Julayi akudziwa mmene imalemerera. Kulemera kumeneko ndi oyilo amene akukanika kuyenda, ndipo pamene akukanikapo zitsulo zikukhulana zouma.

Pali chizolowezi china chimene ndikufuna tichisiye. Munthu amaviika chala mu oyilo, nkutikita ndi chala chinzake, nkunena kuti uyu ndiye weniweni, ngolimba. Chala chikukuuzani za oyilo wozizira ali m'chigubu. Za mmene akhalire pa madigiri 100 mkati mwa injini, chala sichidziwa. Mankhwala aja ndanena aja chala sichiwamva. Oyilo wotha ntchito amene wina wamusefa pansalu nkumuthira m'botolo amamvekanso wolimba pachala. Enanso injini ikayamba kufuka amathamangira oyilo wolimba kwambiri, SAE 50 kapena 20W-50, kuti utsi uchepe. Utsi umachepadi pang'ono, koma malingi otha aja sanachire. Mwangobisa matenda.

MUULUTSI: Mzere wachiwiri uja?

MAKANIKO: Umenewo ndiye ambiri sauona nkomwe, chonsecho ndi umene ukunena ngati oyiloyo ndi wa dizilo. Uli ndi zilembo API, dzina la bungwe la ku America loona za mafuta, kenako zilembo ziwiri. Zikayamba ndi S, monga SL kapena SN, ndi wa injini ya petulo. Zikayamba ndi C, ndi wa dizilo. Chilembo chotsatira chikusonyeza mbadwo wake. CF anabwera mu 1994, CH-4 mu 1998, CI-4 mu 2002, CJ-4 mu 2006, ndipo CK-4 mu 2016. Mabuku a injini zakale ndi zambiri za ku China amatchula CC kapena CD. Musavutike nazo. Gulani CH-4 kapena CI-4, amagwira ntchito ya akale aja ndi kuposerapo. Ine kwa mlimi wa kuno ndimati 15W-40 wa CH-4 kapena CI-4. CJ-4 ndi CK-4 anawapangira makamaka injini zamakono zokhala ndi sefa ya utsi. Mutawathira sangawononge kanthu, koma palibe chifukwa chowonjezera ndalama. Pali mmodzi yekha wa dizilo amene musamuthire mu injini zathuzi, wolembedwa FA-4. Ameneyo ndi wopepuka, wa malole atsopano okhaokha amene anapangidwira iyeyo.

Zigubu zambiri zimalembedwa zonse ziwiri, mwachitsanzo CI-4/SL. C akakhala patsogolo, oyiloyo anapangidwira dizilo, tengani. Mayina monga Shell Rimula, Total Rubia kapena Caltex Delo ndi a oyilo wa dizilo, koma ngakhale pamenepo werenganibe mizere iwiri ija, chifukwa dzina limodzi limakhala ndi mitundu ingapo.

MUULUTSI: Masiku ano pamsika uliwonse, ngakhale waung'ono, pali oyilo wa njinga zamoto chifukwa cha a kabaza. Ali pafupi, alinso m'mabotolo aang'ono amene munthu angakwanitse.

MAKANIKO: Ameneyo ndiye akundipatsa ntchito yambiri, ndipo sindikondwera nayo. Amalembedwa 4T, kawirikawiri 20W-50, ndipo API wake amayamba ndi S. Ndi wabwino pa njinga yamoto. Mu injini ya dizilo ayi. Ndikumvetsa kuti mnyamata wa pachigayo akaona oyilo watsika amathamangira amene ali pafupi. Mwini makina ndi amene ayenera kusunga lita imodzi kapena awiri a oyilo woyenera pamalo a ntchito, kuti mnyamatayo asafike posankha yekha. Ndipo ngati mwasowa wa kampani imene mumagula, wa kampani ina wa manambala ndi zilembo zomwezo mutha kuwonjezera popanda vuto.

MUULUTSI: Tili m'malire. Katundu wambiri amalowa kuchokera ku Zobue ndi ku Tete, wolembedwa m'Chipwitikizi.

MAKANIKO: Manambala a SAE ndi zilembo za API sizisintha ndi chilankhulo. Chigubu cha ku Mozambique, cha ku South Africa, cha ku Tanzania, zonse muwerenga chimodzimodzi. Chimene muyang'anitsitse ndi chitsekero. Kodi kamkombero kake nkosadulidwa? Kodi pakamwa pali kapepala komata kochokera kufakitale? Alipo anthu amene amatola zigubu zopanda kanthu za mayina odziwika nkuthiramo oyilo wosadziwika. Oyilo wa m'botolo la zakumwa, woyezedwa ndi kapu m'mbali mwa msewu, palibe amene angakuuzeni kuti ndi wamtundu wanji, ngakhale wogulitsayo. Gulani pamalo omwetsera mafuta kapena pasitolo yodziwika, mutenge risiti. Mukakayikira katundu, bungwe la Malawi Bureau of Standards lilipo chifukwa cha zoterezi. Chigubu chanu chikatha, chibooleni. Mukatero mwatseka njira ya wachinyengo, komanso mwateteza banja lanu, chifukwa chigubu cha oyilo sichiyenera kusanduka chotungira madzi akumwa kapena chosungira mafuta ophikira, ngakhale mutachitsuka chotani.

MUULUTSI: Tsono oyilo wathiridwa. Asinthidwe liti? Ena amati akada ndiye kuti watha.

MAKANIKO: Mu injini ya dizilo oyilo amada msanga, mwina tsiku lomwelo. Kudako kukusonyeza kuti akugwira mwaye monga anamupangira. Thirakitala sitiwerenga makilomita, timawerenga maola. Injini yatsopano kapena yongomangidwa kumene, oyilo woyamba atuluke pa maola 50, chifukwa amakhala ndi tizitsulo tonyenyeka. Kuchoka apo tsatirani buku. Mathirakitala ambiri a mawilo anayi amati maola 200 mpaka 300. Injini za pisitoni imodzi zija oyilo wake ndi wochepa, sefa yakenso nthawi zambiri ndi kawaya chabe, ndiye mabuku ake amakonda kunena maola 100. Mukamagwira ntchito m'fumbi, kapena mwathira dizilo wa m'zigubu nthawi ya kusowa kwa mafuta amene simukudziwa kumene wachokera, musadikire kuti maola akwane. Ngati makina alibe wotchi ya maola, kope la ana asukulu likwanira: tsiku, ola loyambira, ola lomalizira. M'magulu a alimi m'mene oyendetsa amasinthana, kope limeneli likasowa aliyense amaganiza kuti mnzake anasintha kale.

Ngakhale maola asakwane, chaka chisathe oyilo ali yemweyo. Nthawi yabwino ndi pamene ntchito ya nyengo yatha, musanaimike makina. Mukawaimika ndi oyilo wakale, asidi uja amakhala akudya mabering'i miyezi yonse imene agona. Khutulani injini ikadali yofunda kuti zinyalala zituluke limodzi, ndipo fyuluta isinthidwe nthawi yomweyo. Za kutsuka mkati mwa injini ndi palafini kapena dizilo nkuiliza, chonde zilekeni.

MUULUTSI: Mmawa uliwonse woyendetsa aone chiyani?

MAKANIKO: Aimike pamalo osapendekeka, injini ili yozima, asolole kachitsulo koyezera, apukute, abwezere, asololenso. Oyilo akhale pakati pa mizere iwiri. Kupitirira mzere wapamwamba si kukonda injini. Oyilo amachita thovu ndipo masilo amayamba kudontha. Akaona oyilo wayera ngati tiyi wamkaka, madzi alowamo, kawirikawiri chifukwa gasiketi ya kumutu yapsa. Asalize. Akaona oyilo akuchuluka yekha, wapepuka ndipo akununkha dizilo, ndiye kuti pampu kapena nozo ikudonthezera mkati. Asalizenso, aitane makaniko.

Ndiwonjezere za fumbi, poti nthaka ya mu Okutobala mukuidziwa. Oyilo wabwino chotani sangalimbane ndi mchenga wolowa ndi mpweya. Makina ambiri ang'onoang'ono ali ndi sefa ya mpweya yokhala ndi kambale ka oyilo pansi. Nyengo yolima kambale kameneka katsukidwe tsiku ndi tsiku, muthire oyilo watsopano wa injini kulekeza pamzere wake. Mukadzazitsa, injini imatha kumukoka oyiloyo nkuyamba kuthamanga yokha mosaimitsika. Fanulo ndi chigubu chothirira zikhalenso zoyera.

MUULUTSI: Oyilo yemweyu ndi amene amalowa m'giyabokisi?

MAKANIKO: Ayi, kumbuyo ndi nkhani ina. Kathirakitala ka mawilo awiri kamafuna oyilo wa magiya, monga 80W-90 kapena SAE 90. Mathirakitala amene giyabokisi, haidiroliki ndi mabuleki zimamwa m'thanki imodzi amafuna oyilo wolembedwa UTTO, ndipo ena, makamaka a Massey Ferguson, amalola wolembedwa STOU amene amalowa mu injini ndi kumbuyo komwe. Mukalakwitsa, mabuleki amalira ndipo pulawo imakwera monyinyirika. Apa funsani buku kapena ogulitsa makinawo.

(Nyimbo pang'ono)

MUULUTSI: Mukumvera pulogalamu ya zaulimi, ndipo tikukamba za kasamalidwe ka injini za dizilo. Bambo, tibwere ku madzi. Mankhwala aja amakaniko mumati kulanti, pachigubu amalemba kuti ndi oletsa madzi kuundana ndi chisanu. Kuno ku Mwanza madzi saundana. Si kutaya ndalama kumeneku?

MAKANIKO: Funso limeneli ndimalimva pafupifupi kwa aliyense, ndipo ndi lomveka. Kuletsa kuundana ndi ntchito imodzi chabe ya kulanti, ndipo kwa ife ndi yosafunika kwenikweni. Ntchito imene tikumufunira ndi yoletsa dzimbiri ndi miyala. Amayi amene amawiritsa madzi a pamjigo akudziwa zoyera zolimba zija zimene zimamatirira pansi pa ketulo. Injini imawiritsa madzi omwewo tsiku lonse, ndipo zoyerazo zimamatirira m'makoma a silinda ndi m'timipope ta rediyeta, timene ndi tating'ono kwambiri. Zikakuta chitsulo, kutentha kumakanika kutuluka. Madzi a mumtsinje, kaya ndi Mwanza kaya Mkulumadzi, amabweretsanso matope. Kenako dzimbiri limadya pampu ya madzi, limaboola tizitsekero ta m'mbali mwa injini, ndipo madzi a mu rediyeta amasanduka ofiira. Thirakitala imene inkalima tsiku lonse imayamba kuwira isanamalize ekala imodzi. Mwini wake amati yakalamba, chonsecho yangotsekeka.

Injini zina zili ndi masilivi amene amakhudzana ndi madzi mwachindunji. Dizilo akamaphulika silivi imanjenjemera, madzi amachita timathovu ting'onoting'ono, ndipo timathovuto tikamaphulika timajoba chitsulo mpaka kubooka, madzi nkulowa mu oyilo. Kulanti wa injini zolemera za dizilo ali ndi mankhwala oteteza zimenezi. Pachigubu pake pamalembedwa kuti ndi wa dizilo, ndipo nthawi zambiri pamakhala nambala ya ASTM D6210.

MUULUTSI: Za kuwira kwa madzi, kulanti amathandizapo?

MAKANIKO: Amathandiza. Madzi okha amawira pa madigiri 100 m'mphepete mwa nyanja yamchere, koma mukamakwera kumtunda amawira msanga, pafupifupi digiri imodzi pa mamita 300 aliwonse. Ndiye kuno kwathu, makamaka kumapiri, amawira asanafike pa 100. Mukasakaniza theka madzi theka kulanti, amafika cha pa 108. Chinanso chimene anthu amachipeputsa ndi chitsekero cha rediyeta. Chili ndi sipuling'i yosunga mphamvu ya mpweya mkati, ndipo chikakhala chabwino chimakweza powira ndi madigiri oposa 10. Chikatayika anthu amatseka ndi sanza kapena chitsononkho. Pamenepo madzi awira msanga ndi kutha msanga. Gulani china cha nambala yofanana ndi imene inalembedwa pa chakalecho.

MUULUTSI: Ndiye wina angati, ngati ali wabwino chotero, ndithire kulanti yekhayekha.

MAKANIKO: Asatero. Madzi ndi amene amanyamula kutentha bwino kuposa kulanti. Mukathira wosasungunula yekhayekha injini itentha kwambiri. Werenganinso chigubu. Chikalembedwa concentrate, ngofunika kusungunula. Theka ndi theka ndiye muyezo wodziwika, ndipo musatsike kuposa gawo limodzi la kulanti pa magawo awiri a madzi, chifukwa mankhwala a dzimbiri achepa. Chikalembedwa premixed kapena ready to use, anasakaniza kale, musawonjezere madzi. Madzi osungunulira akhale aja a batire, osati asidi wa batire, madzi ake oyera aja. Akasowa, madzi a mvula ndi abwino kwambiri chifukwa alibe miyala ija. Mvula yoyamba isiyeni itsuke denga, yotsatira mukhongozele m'chigubu choyera, musefe pansalu, musunge a chaka chonse. Amenewa ndi aulere.

MUULUTSI: Pali wobiriwira, wofiira, wabuluu, wachikasu. Wabwino ndi uti?

MAKANIKO: Mtunduwo ndi utoto chabe umene kampani yasankha. Awiri obiriwira atha kukhala osiyana mkati, wofiira ndi wachikasu nkukhala ofanana. Kusiyana kwenikweni kuli m'mankhwala. Alipo akale amene amasinthidwa pakatha zaka ziwiri, ndipo alipo olembedwa OAT amene amatha kufika zaka zisanu. Mukawasakaniza mphamvu yawo imachepa, nthawi zina amachita matope. Ngati mwagula thirakitala yogwirapo kale ntchito ndipo simukudziwa zimene zili mkati, khutulani zonse, tsukani ndi madzi oyera mpaka atuluke oyera, muthire mtundu umodzi, mulembe dzina lake m'kope lija. Ndichenjeze kuti pa injini imene yakhala zaka ikumwa madzi okha, mukatsuka mutha kuona podontha pamene dzimbiri linatseka. Si kulanti waboola, bowolo linalipo. Likonzeni moyenera. Ufa, dzira kapena sopo zimene ena amathira mu rediyeta zimatseka bowo limodzi pamodzi ndi timipope tambiri tabwinobwino.

MUULUTSI: Nanga injini za pachigayo zija zokhala ndi thanki yotsegula pamwamba, madzi ake amangobwata tsiku lonse?

MAKANIKO: Mwafunsa bwino mayi, chifukwa apa malangizo ndi osiyana. Injini imeneyo inapangidwa kuti izizizira ndi kubwata komweko. Nthunzi ikamatuluka ndiye kuti kutentha kukutuluka, musaope. M'thanki yotsegula musathiremo kulanti. Mungotaya ndalama, ndipo anthu a pachigayo azipuma nthunzi yake. Imafuna madzi oyera opanda miyala, ndipo poti imamwa madzi ambiri, miyala imaundana msanga kuposa mu rediyeta. Madzi a mvula apa ndiye ofunika zedi. Yang'anani kachizindikiro koyandama kaja. Kakatsika onjezerani pang'onopang'ono, musadikire kuti thanki iume. Ikauma mwangozi, zimitsani, idikireni izizire. Madzi ozizira pa chitsulo chotentha kwambiri amang'amba mutu wa injini, ndipo izi nchimodzimodzi pa thirakitala ya rediyeta. Koma ngati injini yanu ya pisitoni imodzi ndi ija yokhala ndi rediyeta yotseka ndi feni, imeneyo ndi ya kulanti.

MUULUTSI: Thirakitala ikamatentha, amakaniko ena amachotsa themositati, amati kuno nkotentha kale.

MAKANIKO: Anzanga a ntchito andikhululukire, koma pamenepa timalakwitsa. Themositati imatseka madzi mpaka injini ifunde, pa injini zambiri cha pa madigiri 80, kenako imatsegula. Injini ya dizilo yoyenda yozizira siwotcha mafuta bwino, imachulutsa mwaye, ndipo chinyontho sichiuma mu oyilo, ndiye asidi uja amachuluka. Pa injini zina mukaichotsa madzi ena amangozungulira mkati osapita ku rediyeta. Ikafa, ikani ina. Ndipo musanaiimbe mlandu yambani mwaona zapafupi. Kumaso kwa rediyeta kumadzaza udzu, mankhusu ndi fumbi, makamaka potonola chimanga. Pemererani kapena tsukani kuchokera mbali ya feni kutulukira kutsogolo, mosakhotetsa timapepala take. Lamba wa feni akhale wokoka bwino. Injini yotentha musaitsegule chitsekero. Madzi amatumphuka nkuwotcha nkhope ndi manja. Dikirani mpaka muthe kugwira paipi ndi dzanja, mutsegule ndi nsalu pang'onopang'ono.

MUULUTSI: Ine monga mayi, chimene chikundiopsa ndi mitundu yowala ija. Mwana atha kuyesa chakumwa.

MAKANIKO: Ndipo amatsekemera, mayi, ndiye kuopsa kwake. Kulanti wambiri amapangidwa ndi mankhwala otchedwa ethylene glycol, amene ndi poizoni. Pang'ono pokha amawononga impso za mwana, ndipo atha kupha. Poyamba munthu amangooneka ngati waledzera, mwina nkuoneka ngati wapeza bwino, pamene impso zikuwonongeka mkati. Musamuthire m'botolo la zakumwa ngakhale kwa tsiku limodzi. Akatayikira pansi kwirirani ndi dothi, chifukwa agalu, nkhuku ndi mbuzi zimanyambita. Mwana akamwa, musamusanzitse, musadikire zizindikiro, musayambe ndi mankhwala a kunyumba. Thamangani naye kuchipatala chapafupi kapena ku chipatala chachikulu cha Mwanza, mutanyamula chigubucho kuti adokotala aone chimene wamwa.

Oyilo wakuda nayenso si mankhwala. Ndimaona ena akupaka pa zilonda za ng'ombe ndi agalu kapena pa nkhupakupa. Muli mwaye ndi tizitsulo, ndipo akamakhudza khungu kawirikawiri amatha kuyambitsa khansa ya pakhungu. Ziweto zikadwala pitani kwa alangizi a ziweto. Musamutaye m'ngalande, m'dimba kapena pafupi ndi chitsime, chifukwa oyilo wochepa amaipitsa madzi ambiri. Musungeni m'chigubu chotseka, kutali ndi ana, ndipo mukapita kukagula watsopano funsani pamalo omwetsera mafuta kapena pagalaji ngati amalandira wakale. Mukamaliza ntchito sambani m'manja ndi sopo, osati ndi dizilo.

MUULUTSI: Omvera athu, nthawi yatithera. Sabata yamawa tidzakamba za fyuluta ya dizilo ndi mmene mungadziwire mafuta osakanizidwa ndi madzi kapena palafini. Tsalani bwino.

(Nyimbo yotsekera)